Zoyenera kuchita ukalamba ukayamba kukusowetsani tulo

Mantha a ukalamba amabwera onse pamodzi: kuiwala, kugwa, kudwala, kutha kwa ndalama, kutsala wekha, kusanduka mtolo kwa ana. Akaunjikana chonchi munthu umangogona chagada n'kumayang'ana kudenga. Choncho tengani pepala ndi cholembera, mulembe chilichonse chokuopsani pamzere wakewake, mosapita m'mbali. Musalembe kuti "ndikuopa kukalamba". Lembani kuti "ndikuopa kudzalephera kudzuka ndekha m'chimbudzi", kapena "ndikuopa kudzaiwala dzina la mwana wanga". Ine ndadutsa zaka 60, ndipo pa pepala langa zambiri zinapezeka kuti ndi zoti ndingayambe kuzikonza sabata lomwelo. Zotsalazo zinkafuna kukhala pansi ndi anthu anga.

Anzanga ambiri amayamba ndi kuiwala. Apa siyanitsani zinthu ziwiri. Kuiwala pomwe mwaika makiyi, kapena dzina la munthu kukuthawani kenako n'kubwera lokha mukusamba, zimenezo n'za aliyense. Zofunika dokotala ndi monga kugwira kiyi osadziwa ntchito yake, kusochera pa njira yomwe mwayendamo zaka zonse, kapena kufunsa funso lomwelo mobwerezabwereza pa ola limodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matenda a dementia, omwe amafooketsa ubongo mpaka munthu kumaiwala ndi kusokonezeka, ndipo ambiri mwa iwo ndi mtundu wake wotchedwa Alzheimer. Nambalayo ndi yoopsa mukaiona payokha, koma pofika 2020 anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo anali atakwana 1 biliyoni. Ochuluka zedi amakalamba nzeru zili m'malo.

Komanso si kuiwala kulikonse komwe kuli dementia. Kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chosagwira bwino ntchito, matenda a maganizo, ngakhale mankhwala ena ogonetsa, zonsezi zimasokoneza mutu ndipo zimachizika. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zomwe zikapewedwa, pafupifupi theka la matenda a dementia lingachedwetsedwe kapena kupewekeratu. Mwa zinthuzo muli kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kukhala osalimbitsa thupi, kudzipatula, ndi kusamva bwino. Ndiye pitani mukayezetse BP. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, osati tsiku limodzi lokha, imwani mankhwala monga mwauzidwira, ndipo musasiye poti mukumva bwino. Matenda amenewa sapweteka mpaka tsiku la sitiroko.

Za makutu ndizinenepo pang'ono, chifukwa timazinyozera. Mayi anga anayamba kukhala chete pagulu, ife n'kumati akukula. Koma iwo ankangotopa ndi kufunsa kuti "mwati chiyani?" mpaka anasankha kumangomwetulira. Munthu akasiya kumva amasiya kucheza, akasiya kucheza ubongo umasowa chochita. Mukaona kuti wailesi mukuikweza kuposa kale, kapena pa anthu ambiri mawu akumangomveka ngati phokoso, kayezetseni. Nthawi zina limangokhala phula la m'khutu lomwe latseka. Maso chimodzimodzi: kuvutika kuwerenga zilembo zing'onozing'ono kumayamba cha m'zaka za m'ma 40 ndipo magalasi amathetsa, pomwe ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yomwe kawirikawiri sitha ndi ola lomwe.

Pa mantha onse, omwe ndimati ndi oyenera kwambiri ndi a kugwa. WHO imati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa chogwa, ndipo opitirira zaka 60 ndiwo amachuluka. Fupa la m'chiuno likathyoka, ambiri sabwereranso mwakale. Choipa n'chakuti woopa kugwa amachepetsa kuyenda, miyendo n'kufooka, kenako n'kugwadi. Minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono munthu akangodutsa zaka 30, koma imakulanso ukaigwiritsa ntchito, ngakhale uli ndi zaka 80.

Chitani izi. Khalani pa mpando wolimba, pindani manja pachifuwa, imirirani, khalaninso mosadziponya. Bwerezani kakhumi, m'mawa ndi madzulo. Potsuka mano imani ndi mwendo umodzi, dzanja lili pafupi ndi khoma, kenako musinthe. Yendani mofulumirirako mphindi 30 masiku asanu pa sabata, ndiye kuti mwakwanitsa mphindi 150 zomwe WHO imalimbikitsa. Kenako yenderani nyumba yanu ndi maso a mlendo: kapeti wopindika m'mbali, waya wodutsa pakhomo, bafa loterera, njira yamdima yopita kuchimbudzi usiku, nsapato zotha kunsi. Ine ndinaika chogwirira m'bafa ndisanachifune, ndipo ana anandiseka. Aseke, chilipo. Ngati mumamva chizungulire podzuka, khalani kaye m'mphepete mwa bedi, ndipo mankhwala onse omwe mumamwa muwatengere kwa dokotala awaonere pamodzi, poti ena sagwirizana.

Lekaninso chizolowezi choyankha kuti "ndi ukalamba basi" pa chilichonse. Kulephera kugwira mkodzo kuli ndi thandizo lake, kupweteka kwa maondo chimodzimodzi, kusowa tulo nakonso. Anthu amazunzika nazo zaka chifukwa cha manyazi, pomwe safunsa anadya phula. Mu 2002 Becca Levy wa ku yunivesite ya Yale anatulutsa kafukufuku wa anthu 660 a ku Ohio ku America, ndipo anapeza kuti omwe ankauona bwino ukalamba wawo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri ndi theka kuposa anzawo. Sindikuti maganizo okha amachiza. Ndimangoona kuti yemwe sanadzitaye ndi amene amapitabe kuchipatala, amatulukabe m'nyumba.

Za ndalama ndinena mwachidule: lembani zomwe zimalowa, zomwe zimatuluka, ndi ngongole zonse, ndipo ngongolezo muzithe mukadali ndi mphamvu. Kusungulumwa nako kumafuna dongosolo, sikutha kokha. Khalani ndi tsiku lokhazikika lokumana ndi anthu, ndipo ena mwa iwo akhale ang'ono kwa inu, chifukwa amsinkhu wanu adzayamba kuchepa.

Chovuta kwenikweni ndi mantha osanduka mtolo. Awa sathetsedwa ndi masewera. Itanani ana, kapena aliyense amene adzakusamaleni, pa tsiku lomwe muli bwinobwino, muwauze komwe mukufuna kudzakhala mukadzalephera kukhala nokha, yemwe adzalankhule ndi madokotala inu mutasiya kulankhula, ndi chithandizo chomwe simukuchifuna. Lembani wilo motsata malamulo a dziko lanu, muwasonyeze pomwe pali mapepala. Adzakudulani mawu kuti "musamalankhule choncho", anga anatero. Ayankheni kuti simukutsanzika, ndipo pitirizani. Muwafunsenso zomwe iwo angakwanitse ndi zomwe sangakwanitse, ntchitoyo igawidwe lero, isadzagwere mwana mmodzi yemwe amakhala pafupi.