Mmene Mungasankhire Mabuku Owerenga pa Tchuthi Chachitali

Sukulu zikatsekera chakumapeto kwa Julaye, ophunzira ndi aphunzitsi amakhala ndi masabata angapo chilimwe chikamayamba, ndipo ambiri amafuna kuwerenga koma amasowa poyambira. Vuto lofala n'lakuti munthu amatenga buku chifukwa ena analitama, amawerenga masamba khumi, kenako amaliika pansi mpaka sukulu kutsegulira. Buku labwino la pa tchuthi ndi limene inuyo mungalimalize mosakakamizidwa, popeza palibe mayeso amene akukudikirani kumapeto kwake.

Yambani ndi nkhani imene imakusangalatsani kale, kaya ndi ulimi, mpira, chikondi, mbiri ya makolo kapena makina. William Kamkwamba wa ku Kasungu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku laibulale yaing'ono ya ku Wimbe, kumene anakopeka ndi buku lotchedwa Using Energy chifukwa cha zithunzi za makina amphepo pachikuto pake. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsatira zojambula mpaka anapanga makina ake opatsa magetsi kunyumba kwawo. Chidwi chikakhalapo, ngakhale buku lovuta limawerengeka.

Mukalitenga bukulo, musadalire mawu olembedwa kuseri kwa chikuto, pakuti amenewo amalembedwa n'cholinga choti bukulo ligulidwe. Werengani tsamba loyamba lonse muli chiimire, kenako mutsegule pakati n'kuwerenga tsamba lina. Ngati mawu osawadziwa achuluka moti mukufunika mtanthauziramawu pa mzere uliwonse, ndipo nkhaniyo siikukukokani, libwezeni pa shelefu popanda manyazi. Koma ngati mwafika kumapeto kwa tsamba muli ndi mtima wofuna kudziwa zimene zichitike, limenelo ndi lanu.

Musaiwale mabuku a m'Chichewa. Ambiri a ife tinakumana nawo m'kalasi mokha, tikuloweza mayina a atengambali poopa mayeso, ndipo tinawaona ngati chilango. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara limene linatuluka mu 1933, limakoma mosiyana mukaliwerenga modekha muli pakhonde, chifukwa mumayamba kumva kalankhulidwe ndi miyambo ya kumudzi imene kale munkangoidumpha pothamangira mayankho. Ine ndimalangiza kutenga mabuku awiri, lina la Chichewa ndi lina la Chingerezi, ndipo limodzi likhale lalifupi kuti mulawe kukoma komaliza buku m'sabata yoyamba. Wofuna mbiri ya munthu weniweni angayese I Will Try, buku la 1965 la Legson Kayira, mmene akusimba za ulendo wake wochoka ku Nyasaland wapansi pofunafuna maphunziro ku America.

Mabuku atsopano ndi odula, choncho pitani kaye ku National Library Service, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena, mukafunse za kulembetsa umembala ndi masiku amene buku limaloledwa kukhala kwanu. Mukamagula mabuku akale kwa ogulitsa m'mphepete mwa msewu, onani bwino manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto, makamaka masamba otsiriza, chifukwa ndiwo amathothoka msanga ndipo n'zowawa kufika pachimake pa nkhani n'kupeza kuti mathero ake kulibe. Onaninso kukula kwa zilembo: magetsi akazima mudzawerengera nyali ya sola kapena tochi ya pa foni, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimatopetsa maso.

Kwa ana aang'ono, aloleni asankhe okha pakati pa mabuku atatu kapena anayi amene inu mwawaona kale, ngakhale atasankha limene mwawawerengera kambirimbiri. Akuluakulu angagwirizane ndi anzawo awiri kuti aliyense agule buku limodzi n'kumasinthana pakatha masabata awiri, ndipo dzina la mwini wake lilembedwe mkati mwa chikuto lisanachoke pakhomo.