Mayi akapita kuganyu, mwana wamng'ono amudyetsa ndani?

Mwezi wa Januwale ukafika, makadi a kusikelo amayamba kuulula za kunyumba. Mzere wa kulemera kwa mwana, womwe unkakwera bwino nthawi yokolola, umagona, kwa ena kutsika kumene. Anthu amathamangira kumuloza chala mayi kuti ngosasamala. Ine ndisanadzudzule ndimayamba ndafunsa: dzulo mayiyu ali kumunda, mwanayu anali ndi ndani?

Yankho silisinthasintha. Bambo ali ku Joni, kapena kunyanja, kapena banja linatha. Mayi walawirira mbandakucha kukapalira kapena kubandira munda wa eni ake kuti apeze ufa wa tsikulo, wake ukumera thengo. Mwana wa miyezi 10 watsala ndi mkulu wake wa zaka 8. Pakhomo pena ndinapeza kamtsikana katabereka mng'ono wake kumbuyo, mbale ya phala ili pansi nkhuku zikujompha, dzuwa lili paliwombo. Sikanalakwe kanthu, nakonso ndi kamwana.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Kupinimbirako kumayambira m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndipo kukakhazikika n'kovuta kukubweza. Miyezi ya njala iwiri kapena itatu chaka chilichonse ndi gawo ndithu la masiku amenewa.

Choncho mvula isanagwe, khalani pansi monga banja, mwinimbumba alipo, agogo alipo, ndipo mutchule dzina la munthu wamkulu amene azidyetsa mwana masiku a ganyu. Zongoti "tiziona" ayi, dzina lenileni. Ngati palibe wachibale, amayi atatu kapena anayi oyandikana azisinthana: lero mmodzi atsale ndi ana, anzake amugawireko zomwe apeza. Amayi a m'magulu a banki mkhonde amadziwana kale, sizivuta kuyambira pamenepo.

Mwana wosakwana miyezi 6 asatsale. Ameneyu ngoyamwa mwakathithi, osati madzi, osati phala, ndiye apite ndi mayi ake n'kumagonekedwa pamthunzi. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, wa miyezi 9 mpaka zaka 2 adye katatu kapena kanayi, kuphatikiza kachipatso pakati, bere likupitirira. Wotsala naye adziwe chiwerengerochi.

Phala lenilenilo ndi pomwe ambiri timaphonya. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, mukakadzaza ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera wakhuta madzi. Phikani la mgaiwa, lolimbako, loti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Thiranimo nsinjiro, kapena usipa kaya bonya wouma wosinja n'kusefa, nkhwani kapena bonongwe wophika woponda bwino, ndi supuni yaing'ono ya mafuta. Dzira likapezeka, swerani momwemo lipse. Mango ndi ambiri nyengo imeneyi, apondereni. Mwa magulu 6 a zakudya aja, anayi kapena asanu alowa m'mbale imodzi popanda kupita kugolosale. Ufa wosakanizawu ukonzeni Lamlungu, muusunge m'chitini chotseka, kuti agogo asamavutike ndi mtondo. Mtedza wankhungu tayani, si wa mwana. Ndipo mwana akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya gulu amene amatha ndiwo ndi akuluakulu.

Abambo muli kutali, mawu anga ndi awa. Malata ndi njerwa n'zabwino, koma sizithawa. Kandalama kochepa kobwera mwezi ndi mwezi kuyambira Disembala mpaka Malichi kamachotsa mkazi wanu m'munda wa eni masiku angapo pasabata, ndipo kamaposa chindalama chobwera kamodzi mu Juni chimanga chili m'nkhokwe. Ya chakudya cha mwana ifikire m'manja mwa mayi ake. Ikadutsa mwa achibale, kawirikawiri imafika itatha mapiko, n'kubala mkangano pamwamba. Mukabwera patchuthi, kambiranani za kulera: achipatala amalangiza kudikira zaka 2 mwana atabadwa mayi asanaimenso. Kutumbiza kumagwetsa onse awiri, woyamwayo ndi mayi ake.

Mayiyonso muzimuyang'ana. Ngati sakugona, sakudya, akungolira, sakusekanso ndi mwana wake kwa masabata awiri kapena kuposa, musati ndi ulesi kapena mwano. Kuganiza kwambiri ndi matenda, ndipo mayi wotere amalephera kunyengerera mwana kuti adye. Mulandireni ntchito zina, mumuperekeze kuchipatala. Akayamba kulankhula zodzipha, pitani tsiku lomwelo.

Tsiku la sikelo lisaphonyedwe chifukwa cha ganyu, agogo kapena azakhali atha kupita naye mwana ndi khadi lake. Mlangizi wa zaumoyo akayeza mkono tepi n'kufika pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa moti mukadina chala pamatsala dzenje, musadikire mwezi wamawa. Chiponde chomwe mukalandire kuchipatala ndi mankhwala a mwana yekhayo, osati chogawana ndi akulu ake.