Momwe mungasamalire chilonda chosapola cha kuphazi kwa munthu amene anadwalapo khate

Ambiri akamaliza mankhwala a khate, miyezi 6 kapena 12 ija, amadabwa kuona chilonda cha pansi pa phazi chikadalipo, ndipo ena amayamba kuganiza kuti mankhwala sanagwire kapena pali munthu anawaponda. Mankhwalawo amagwira ndithu, amapha tizilombo. Koma mitsempha imene tizilombo tinawononga kale nthawi zambiri sibwereranso. Phazi limachita dzanzi, silituluka thukuta, limauma n'kuchita zikang'a. Munthu amaponda minga kapena khala la moto osamva, n'kumayendabe. Chilonda chimakula chifukwa chopondedwa tsiku ndi tsiku, ndipo chimapola chikasiya kupondedwa.

Dziko lathu la Malawi linalengeza mu 1994 kuti khate lachepa kufika pa munthu wosakwana mmodzi mwa anthu 10,000 alionse, koma odwala atsopano akupezekabe, ndipo amene anachira kale tili nawo kuno ku Zomba, m'midzi ya kwa Jali, ku Mayaka ndi ku Domasi. Nazi zoti muchite.

Choyamba, kaonetseni chilondacho kuchipatala. Yambirani chapafupi, kaya ku Matawale, ku St Luke's ku Malosa kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Zikavuta adzakutumizani ku Zomba Central. Pemphaninso kuti akuyezeni shuga, chifukwa nayenso amabweretsa zilonda zofanana ndi zimenezi.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye pagona nkhani, phazi lipume. Lisaponde pansi. Mukakhala, liikeni pa mpando kapena pa mtsamiro. Kopita kukhale kuchimbudzi kokha, ndi ndodo zoyendera. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi olemera kwa mayi amene ali ndi mpunga ku dambo la Chilwa, kapena bambo wogulitsa mumsika wa Zomba. Koma chilonda chaching'ono chopumitsidwa bwino chimatha kupola m'masabata ochepa, pamene chopondedwa chimatha zaka mpaka kudya fupa. Abale gawanani ntchito: wina akatunge madzi, wina apite kuchigayo. Ulendo wakuchipatala ukhale wa kabaza, osati wapansi. Nthawi zina achipatala amamanga chikhakha kwa masabata pafupifupi 6 kuti phazi lisalemedwe, musachichotse nokha.

Chachitatu, tsukani chilonda tsiku lililonse. Wiritsani madzi, muthire supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita, ndipo muwasiye azizire. Wina wa manja akumva ayambe wawagwira, chifukwa wodwala sangadziwe ngati akutentha. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani chilondacho mofatsa, kenako chiphimbeni ndi bandeji kapena kansalu koyera kochapa ndi kusita. Musamange mothina. Phulusa, dothi, mafuta a galimoto, ufa wa m'makapisozi, zonsezi ayi. Zimandiwawa kuona chilonda chimene chikanapola chitadetsedwa ndi zinthu zimene munthu anapaka ndi mtima wabwino.

Chachinayi, samalani khungu la phazi lonse. Viikani mapazi m'beseni la madzi wamba kwa mphindi 20 kapena 30, mpaka khungu lifewe. Tengani mwala wokwechera mapazi, mukhule pang'onopang'ono khungu lolimba la kuchidendene ndi la m'mbali mwa chilonda, osakhudza chilonda chenichenicho. Lezala musaliyese. Khungu lolimbali likasiyidwa limakhala ngati kamwala mu nsapato, limafinya mnofu wa mkati mpaka kuboola. Mapazi akadali onyowa pakani Vaseline kuti chinyezi chisathawe, koma osati m'chilonda kapena pakati pa zala. Pa kuviikaku tsatirani zimene achipatala anena, pakuti chilonda chozama chimafuna chisamaliro china.

Chachisanu, yang'anani mapazi madzulo alionse kukadali kowala. Maso ndiwo agwire ntchito imene ululu unasiya. Gwiritsani ntchito kalilole kuti muone kunsi, kapena mdzukulu akuonereni. Mukufuna matuza, pofiira, potupa, zikang'a zatsopano. Gwiraninso ndi dzanja: malo otentha kuposa pena ndi chilonda chimene chikubwera, ndipo mawa lake musayende mtunda.

Pali zizindikiro zosadikira nazo tsiku la sikelo kapena la msika. Chilonda chikayamba kununkha kapena kutuluka mafinya, phazi likatupa ndi kutentha, thupi likatentha, mwanabere akatuluka, kapena mukaona fupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pamenepo pamafunika mankhwala opha tizilombo, mwinanso kuchotsa mnofu ndi fupa lakufa. Chimodzimodzi chilonda chimene chapumitsidwa mwezi wathunthu osachepa, kapena chakale chimene chayamba kutukumuka m'mbali ndi kutuluka magazi, chifukwa chilonda cha zaka zambiri chimatha kusanduka khansa.

Chikapola, chipsera chimakhala chofooka, ndipo ambiri amabwerera m'mbuyo pomwepa. Yambani ndi maulendo aafupi, masitepe aafupi, kupumira panjira. Osayendanso chopanda nsapato, ngakhale pakhonde. Nsapato yabwino ndi yolimba kunsi kuti minga isaboole, yofewa mkati, yotakasuka ku zala, yokhala ndi lamba wa kumbuyo, yopanda misomali. Patapata ndi nsapato za pulasitiki sizithandiza, ndipo nkhwaira zokhoma ndi misomali ndi zoopsa. Funsani kuchipatala za mphira wofewa woika mkati, wotchedwa MCR. Musanavale, igwedezeni ndi kupisamo dzanja. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuno kumazizira, khalani patali ndi mbaula powotha moto, ndipo mapazi muwafunde ndi chitenje kapena masokosi.