Oilo wakuda asafike mumtsinje wa Lunkhwakwa: mmene ndimachitira pagalaja panga

Ndimakonza njinga zamoto ku Kapata kuno ku Chipata, ndipo kusamala oilo wakale ndinakuphunzira mochedwa. Chaka china mu Januwale ndinasiya dilamu panja losavundikira. Usiku kunagwa chimvula, madzi anakhazikika pansi m'dilamumo, oilo n'kukwera pamwamba n'kusefukira, kutsata ngalande mpaka kudimba la amayi ena kumunsi kwathu. M'mawa anafika atanyamula repu wakuda bii, n'kungoti, "Bambo, taonani ntchito yanu." Ndinalipira mbewu, koma mabedi awiri aja sanabalenso chaka chimenecho.

Choyamba konzani malo musanamasule nati ya pansi pa injini. Mukhale ndi beseni lachitsulo lotambalala, fanelo, chigubu cha malita 20 chokhala ndi chitsekero chake, ndi thumba la utuchi. Utuchi ndimapempha kwa akalipentala oyandikana nane. Dilamu lalikulu likhale pansi pa denga, pa simenti, ndipo mulizinge ndi mzere umodzi wa njerwa zomata kuti likadontha oilo atsalire momwemo. Fyuluta yakale muizondotse pa beseni usiku wonse, mudzaona kuchuluka kwa oilo amene imabisa. Musathiremo petulo, madzi kapena mafuta a mabuleki, chifukwa oilo wosakanizika ndi wovuta kumuyeretsanso ndipo ogula amamukana.

Dilamu mulione nokha tsiku lililonse, musangotuma mnyamata. Ndimanena izi ndikuganiza za Deepwater Horizon, chimakina chokumba mafuta pansi pa nyanja chimene chinaphulika pa 20 Epulo 2010 ku Gulf of Mexico, nyanja ya kumwera kwa dziko la America. Anthu 11 anafa, mafuta anatuluka masiku 87, ndipo boma la America linati inali migolo pafupifupi 4.9 miliyoni, mgolo uliwonse malita 159. Simenti yotsekera chitsime inalephera. Atayesa mphamvu ya m'mapaipi, zotsatira zinaonetsa kuti pali vuto, koma akuluakulu a pamalopo anazimasulira ngati zonse zili bwino. Chida chomaliza chotsekera nachonso sichinagwire. Pamlandu, kampani iliyonse inkaloza inzake, mpaka mu 2014 woweruza anagawa cholakwa: BP 67 peresenti, Transocean 30, Halliburton 3. Mwini chitsime, BP, ndiye anasenza chachikulu, ndipo ine ndikuona kuti anaweruza bwino. Pagalaja panga mwini chitsime ndine. Tsiku la repu lija ndinafuna kukalipira mnyamata wanga, koma amene anaona mitambo madzulo n'kunena kuti tidzavundikira mawa ndinali ine.

Tsopano tinene kuti watayika. Musayambe ndi kupukuta. Tsekani kaye kumene akuchokera: dzutsani chigubu, bwezerani nati, kapena ikani beseni pansi. Kenako thamangirani kumunsi, kumene akulowera, mukaunjike mchenga kapena dothi kukamwa kwa ngalande. Oilo ali pa simenti ndi ntchito ya ola limodzi, koma akangolowa m'madzi oyenda simungamutolenso.

Ngati wafika kale m'ngalande ya madzi, gwiritsani nzeru ya anthu a ku Mauritius. Pa 25 Julaye 2020 sitima ya Wakashio inagunda miyala ya m'mphepete mwa chilumbacho, itayandikira kumtunda kuti ogwira ntchito apeze netiweki ya foni. Patapita masiku inayamba kudontha, ndipo mafuta okwana matani pafupifupi 1,000 analowa m'nyanja. Anthu wamba sanadikire. Anasoka nsalu zazitali ngati njoka, n'kuzidzaza ndi masamba a nzimbe, ena anametetsa tsitsi lawo kuti liikidwemo, namangirira mabotolo apulasitiki kuti ziyandame. Zimagwira ntchito chifukwa oilo amayenda pamwamba pa madzi ndipo amamatirira ku zouma zotere. Ife tili ndi masaka, udzu wouma ndi makoko a chimanga. Dzazani saka, ligonekeni mopingasa ngalande, lina pang'ono kumunsi kwake, ndipo likada lichotseni muike lina.

Wapansiyo muthireni utuchi wambiri kuyambira m'mbali kulowera pakati, mudikire pang'ono, musese ndi kuwolera m'thumba lapulasitiki lolimba. Ngati ndi padothi, palani ndi fosholo mpaka dothi lisiye kununkha.

Sopo ndi madzi ayi, chonde. Maso amakhutira chifukwa chakuda chija chazimiririka, koma sopo amangophwanya oilo kukhala timadontho ting'onoting'ono tosakanikirana ndi madzi, ndipo timeneto timapita kutali kuposa poyamba. Ku Gulf of Mexico anathira mankhwala ochita chimodzimodzi, otchedwa Corexit, malita pafupifupi 7 miliyoni, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati anathandiza kapena anangotsitsira mafuta kwa nsomba ndi zamoyo za pansi. Mbalame ikadetsedwa ndi oilo nthenga zake zimalowa madzi ndipo imafa ndi kuzizira. Mazira a nsomba amaonongeka ndi oilo wochepa kwambiri. Abakha a m'dambo lathu ndi timatemba ta mumtsinje sizisiyana ndi za kunyanjako.

Palinso zizolowezi zathu zimene ndinasiya. Sindiperekanso oilo wakuda kwa ofuna kupaka nkhumba za mphere kapena kuthira pabwalo kuti fumbi lichepe, ndipo sindimutentha. Ali ndi tizitsulo ndi zotsalira za muinjini zimene zimadwalitsa, ndipo mvula yoyamba ya Novembala imakokolola zonse kupita ku Lunkhwakwa. Funsani ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, kuti akuuzeni amene ali ndi chilolezo chotolera oilo wakale, ndipo ngati watayika wambiri n'kulowa mumtsinje, adziwitseni iwo ndi akhonsolo tsiku lomwelo. Ife amagalaja anayi a mzere umodzi timathira m'dilamu limodzi la malita 200 kuti wotolera asakane kubwera, ndipo aliyense akathira amalemba tsiku ndi malita m'kabuku komangirira pachitseko.