Seva ya mu ofesi yakalamba: mmene mungadziwire kuti yakwana nthawi yogula ina

Seva yosunga mabuku a ndalama, malipiro a antchito ndi mafayilo a kampani siifa ngati babu la magetsi. Imayamba yadwala kwa miyezi ingapo, ndipo matenda akewo imalemba yokha. Kungoti m'maofesi ambiri palibe amene amawerenga. Ili m'kachipinda kokhoma kuseri kwa a akauntanti, mafani akulira, aliyense akuti bola ikuyaka.

Musanawerenge zaka zake, yankhani funso ili: itazima mawa m'mawa osayakanso, tingabwerere pa ntchito patatha masiku angati? Kenako funsani abwana masiku amene bizinesi ingapirire popanda kulemba ma invoice kapena kulipira antchito. Nambala yoyamba ikaposa yachiwiri, seva yanu yakalamba, ngakhale ikuoneka yathanzi. Zonse zili m'munsimu n'zokuthandizani kupeza nambala yoyambayo moona mtima.

Masiku amene simungawasunthe

Microsoft inasiya kutulutsa zigamba zaulere za chitetezo za Windows Server 2008 R2 pa 14 Januwale 2020, ndipo za 2012 ndi 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023. Windows Server 2016 ikuthera pa 12 Januwale 2027, pomwe 2019 ikuthera pa 9 Januwale 2029. Kwa amene amagwiritsa ntchito Linux, CentOS 7 inatha pa 30 Juni 2024. Tsikulo likadutsa seva imayakabe monga mwa nthawi zonse, koma mpata uliwonse umene akuba a pa intaneti aupeza umakhala wosatseka mpaka kalekale, ndipo ndi momwe mapulogalamu omanga mafayilo n'kumafuna dipo amalowera. Opanga pulogalamu yanu ya maakaunti nawonso amayamba kukana kukuthandizani.

Tsiku lachiwiri ndi la waranti. Ma Dell PowerEdge ndi ma HPE ProLiant nthawi zambiri amagulidwa ndi waranti ya zaka 3, yomwe imatheka kuiwonjezera kufika zaka 5. Pa Dell, kokani kakhadi kali kutsogolo, muwerenge Service Tag ya zilembo 7, muilembe pa webusayiti yawo. Mudzaona tsiku limene makinawo anatumizidwa ndi tsiku lomwe waranti inatha. Chitani izi makamaka ngati munagula seva yogwirapo kale ntchito: mwina inafika mu ofesi mwanu itatha kale zaka 5 ikugwira ntchito kwina.

Waranti ikatha, chofunika kudziwa ndi komwe mungapeze sipeya. Imbani foni kwa ogulitsa lero, mufunse mtengo wa power supply, RAID controller (chida choyendetsa madisiki angapo ngati amodzi) ndi motherboard ya mtundu wanu, komanso kuti zingafike liti. Kuno kwathu zinthu ngati zimenezi kawirikawiri zimachita kuitanitsidwa kunja, ndiye pamafunika ndalama zakunja, ndege ndi kasitomu. Akakuuzani kuti masabata atatu, nambala yanu ija ndi masabata atatu.

Funsani makinawo

Seva za Dell zili ndi iDRAC, za HPE zili ndi iLO: kakompyuta kakang'ono kam'kati kamene kamalemba chilichonse chovuta. Lowani, muwerenge zolemba za miyezi 12 yapitayi. Nyali yachikasu kutsogolo kwa seva isakhale chinthu choti anthu anachizolowera.

Yambani ndi madisiki, poti ndi amene anyamula chuma chonse. Pulogalamu ya smartctl imaonetsa maola amene disiki yazungulira. Maola 43,800 ndi zaka 5 zosapuma. Pa disiki ya SATA yang'anani nambala 5, yomwe imawerenga zigawo zowonongeka zimene disiki yazisiya, ndi nambala 197, ya zigawo zomwe ikulephera kuwerenga. Pa disiki ya SAS fufuzani mzere wa grown defect list. Nambala yoima malo amodzi miyezi yambiri si yoopsa kwenikweni. Imene ikukwera mlungu ndi mlungu ndiye disiki yotsanzika.

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. RAID 5, njira yogawira deta pa madisiki angapo kuti isatayike, imapirira disiki imodzi yokha ikafa. Mukaika yatsopano, seva imawerenga chigawo chilichonse cha madisiki otsalawo kuti imangenso zomwe zinatayika, ndipo pa madisiki a 4 TB ntchitoyi imatha kudya tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Madisiki otsalawo anagulidwa tsiku limodzi ndi womwalirayo, azungulira maola ofanana, amva kutentha kofanana. Wachiwiri akagwa pakati pa ntchito imeneyi, zonse zapita. Choncho madisiki awiri akafa m'chaka chimodzi pa seva yodutsa zaka 5, lekani kumangosintha imodziimodzi.

RAM ya seva imakonza yokha tizolakwika ting'onoting'ono n'kulemba kuti yatero. Kamodzi pa miyezi ingapo si nkhani. Kambirimbiri pa kathabwa kamodzimodzi, kasintheni. Zolakwikazo zikapitirira pa malo omwewo mutaika RAM ina, vuto lili pa motherboard kapena purosesa, ndipo kukonza zimenezo pa seva yakale n'kutaya ndalama. Chimodzimodzinso ikamazima n'kudziyatsa yokha popanda chifukwa cholembedwa.

Kuchedwa kokha si chifukwa chogulira

Ogulitsa amakonda dandaulo loti seva ikuchedwa, chifukwa limatha ndi kotesheni. Yezani kaye. Tsegulani Performance Monitor kwa mlungu wathunthu, kuphatikizapo masiku otseka mwezi. Purosesa ikamakhala pamwamba pa 80 peresenti maola ambiri, RAM yadzaza, ndipo mulibe malo owonjezera, makinawo achepadi. Koma purosesa ikamapuma pomwe disiki ikutenga ma millisecond oposa 20 kuti iyankhe, ma SSD awiri (madisiki achangu osazungulira) akhoza kuthetsa nkhaniyo pa mtengo wochepa.

Onaninso batire la RAID controller. Limatha pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo likafa controller imasiya kusunga zolemba mu memori yake yachangu pofuna kuteteza deta. Seva imagwa liwiro tsiku limodzi ngati yalodzedwa, chikhalirecho chafa ndi kabatire chabe. Fumbi la m'chilimwe nalo limatseka mpweya, purosesa n'kudzichepetsa liwiro kuti isapse. Zimitsani, muipemerere ndi bulowa, muyezenso.

Lamulo lathu ndi ili: kukonza kukafuna ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa seva yatsopano, pomwe yakaleyo ilibe waranti, gulani ina.

Magetsi ndi kutentha

Seva yodya mawati 350 usana ndi usiku imatha mayunitsi 3,066 pa chaka. Yodya mawati 150 imatha 1,314. Chulukitsani kusiyana kwa mayunitsi 1,752 ndi mtengo wa pa bilu yanu ya ESCOM. Phindu lina ndi loti UPS yomweyo (chida cha mabatire chosunga magetsi) imanyamula seva yopepukayo nthawi yotalikirapo magetsi akathima, mpaka jenereta ilire. Mabatire a UPS amakhala zaka 3 mpaka 5, koma m'chipinda chotentha madigiri 35, monga zimakhalira mu Okutobala ku Chikwawa kapena ku Mangochi, moyo wawo umadulidwa pafupifupi theka. Seva imene yazimitsidwa mwadzidzidzi kambirimbiri m'chipinda chopanda chozizilitsa muiwerengere kuti ndi yokalamba kuposa zaka zake.

Yesani bakapu musanasankhe chilichonse

Tengani bakapu ya usiku wathawu, muibwezeretse pa kompyuta ina, mutsegule pulogalamu ya maakaunti, muone ngati invoice yomaliza ya dzulo ilipo. Lembani maola amene zatenga. Kope imodzi izikhala kunja kwa ofesi, yosalumikizidwa ku netiweki. RAID si bakapu: fayilo yofufutidwa kapena yomangidwa ndi akuba imawonongeka pa madisiki onse nthawi imodzi. Kuyesaku kukalephereka, konzani zimenezi sabata ino, za seva yatsopano zibwere pambuyo.

Pogula ndi posamuka

Yambani kukonzekera miyezi 6 tsiku lothera zigamba kapena waranti lisanafike, ndipo kumbukirani kuti kotesheni ya zinthu zoitanitsa kunja imatsatira dola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Funani ma power supply awiri, RAM ya ECC (yodzikonzera zolakwika ija), ma SSD pa RAID 1 kapena RAID 10, ndi waranti ya zaka 5 yolembedwa kuti ikugwira ntchito m'dziko lanu. Laisensi ya Windows Server Standard imayambira pa makoo 16 a purosesa, imalola makina awiri a Hyper-V (maseva oyenda m'kati mwa seva imodziyo), ndipo ma CAL, omwe ndi malaisensi a ogwiritsa ntchito, amagulidwa padera. Ogulitsa ena amawasiya pa kotesheni kuti mtengo uoneke wotsika. Ngati seva yakaleyo imangosunga mafayilo ndi maimelo a anthu khumi, mwina simukufunanso ina, Microsoft 365 kapena Google Workspace zikhoza kukwanira, bola intaneti yanu ikhale yodalirika ndipo muzitha kulipira ndalama zakunja mwezi ndi mwezi.

Seva yatsopano iyake sabata imodzi isananyamule ntchito, kuti chida chobwera chowonongeka chidziulule. Samukani Lachisanu mutaweruka, osati kumapeto kwa mwezi. Ngati yakaleyo ndi domain controller (seva yoyang'anira mayina ndi mapasiwedi a ogwiritsa ntchito), samutsani maudindo a FSMO, DNS ndi DHCP, muitsitse pa udindo mwadongosolo musanaizimitse. Isungeni yozima masiku 30 osafufuta kanthu, chifukwa nthawi zonse pamapezeka ka Excel kena kapena pulinta yomwe inkaidalira popanda wodziwa.

Masiku 30 akatha, chotsani madisiki musanaigulitse kapena kuipereka kusukulu. Muli malipiro ndi manambala a ziphaso za anthu, ndipo Malawi ali ndi lamulo la mu 2024 loteteza zinthu zotere. Kuchita format yachangu sikufufuta deta. Disiki yozungulira ilembedwe manambala paliponse kapena ibooledwe ndi dirilo malo atatu kapena anayi; SSD ifufutidwe ndi secure erase ya amene anaipanga.