Momwe mungatengere mwana wakhanda kuti akhale wanuwanu mwalamulo osadzera ku bungwe

Zimachitika kwambiri izi. Mtsikana watenga mimba, mwamuna wakana, iye akuti sangakwanitse, ndiye kwinaku kuli banja lomwe latha zaka likupempha mphatso osaiona. Akuluakulu akhala pansi pakhonde, amalume avomera, a mfumu auzidwa, mwana akangobadwa akumupereka. Pachikhalidwe chathu nkhani yathera pomwepo, kulera mwana wa mnzako tinayamba kalekale. Koma pamaso pa lamulo mwanayo akadali wa amene anamubereka, tsiku lililonse mayi ake atha kudzamutenga, kapena bambo wothawa mimba uja kutulukira mwana ali sitandade 5, inu mulibe pepala loti muimirepo, ndipo amene amavulala kwambiri pamenepo ndi mwanayo.

Kuno ku Malawi lamulo silikukakamizani kudzera ku bungwe, mutha kumvana nokha ndi makolo a mwana. Koma pali makomo awiri omwe simungawalambalale, a Social Welfare ndi khoti. Lamulo lake ndi Adoption of Children Act, Cap. 26:01.

Choyamba onani ngati lamulo likukulolani. Mukhale ndi zaka zosachepera 25 komanso mumupose mwanayo ndi zaka 21, zomwe kwa khanda si nkhani. Anthu awiri angapemphe limodzi pokhapokha ali pabanja, ndipo ngati wopempha ndi mmodzi mnzakeyo avomereze, osati kuwadzidzimutsa amuna anu ndi mwana. Mwamuna payekha saloledwa kutenga mwana wamkazi kupatula khoti litaona chifukwa chapadera. Komanso wopempha akhale wokhala m'dziko muno. Abale athu muli ku Joni kapena ku UK mfundo iyi musaichepetse, ndi yomwe inachititsa High Court ku Lilongwe kumukanira Madonna kutenga mwana mu Epulo 2009, mpaka Supreme Court inadzatembenuza chigamulocho mu Juni chaka chomwecho. Kambiranani ndi loya msanga, mufufuzenso ngati dziko lomwe mukukhalalo lidzamulole mwanayo kulowa.

Chachiwiri, pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, kwa DC kuja, mwana asanabadwe n'komwe. Afotokozereni zonse mmene zilili, mayiyo mumadziwana bwanji, bambo ali kuti, achibale akuti chani. Ambiri amaopa kuti akawauza awalanda mwana, koma ndi anthu omwewa amene adzalembe lipoti lomwe jaji adzawerenge, ndiye ndi bwino akudziweni kuyambira pachiyambi kusiyana n'kudzakupezani muli kale ndi khanda la miyezi 6 lomwe simungafotokoze bwino mmene linafikira m'nyumba mwanu.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe anthu abwinobwino amagwera m'dzenje: tsiku lobadwa mwana. Chonde musalembetse dzina lanu kuchipatala ngati kuti mwabereka ndinu. Ena amafika pomanga zitenje pamimba miyezi ingapo kuti aneba asadabwe, mayi weniweni n'kukachira ndi buku la kuchipatala la dzina la wina. Ndikumvetsa ululu womwe umamufikitsa munthu pamenepo, mawu omwe mayi wosabereka amamva kwa alamu ake si ochezera. Koma kupereka uthenga wabodza polembetsa kubadwa kwa mwana ndi mlandu, ndipo bodzalo likadzaululika ngakhale patapita zaka 10 mulibe chokutetezani. Mwana alembedwe m'dzina la mayi womubereka, satifiketi ya kubadwa ya ku NRB (National Registration Bureau) ituluke choncho, kabuku ka sikelo chimodzimodzi. Dzina lanu lidzalowa kudzera kukhoti.

Nkhani ya ndalama ilinso pomwepa. Lamulo likuletsa kupereka kapena kulandira malipiro chifukwa cha mwana popanda chilolezo cha khoti. Palibe za "kangachepe kothokoza", palibe kulonjeza mpamba wa bizinesi kapena malata, ndipo wina aliyense wodzitcha mkhalapakati amene akuti akupezerani mwana mukamupatsa kenakake muthaweni, kaya wavala yunifolomu ya kuchipatala. Zoterezi zitha kukufikitsani pofufuzidwa mlandu wozembetsa ana, womwe pa Trafficking in Persons Act ya 2015 chilango chake ndi zaka 21. Ngati mayiyo akufunika thandizo la thiransipoti ya kusikelo, beseni, zitenje, auzeni a Social Welfare musanapereke ndipo sungani malisiti.

Chachinayi ndi chilolezo. Chimafunika kuchokera kwa kholo lililonse, kapena amene akumusunga mwanayo, cholembedwa ndi kusainidwa, loya akuthandizani kuti chikhale cholumbirira. Langizo langa ndi loti musamusainitse mayi ali pabedi la ku mateniti. Mpatseni nthawi achire, amuone mwana wake, aganize. Khoti limafuna kutsimikiza kuti wamvetsa zoti akutaya ufulu wake ngati kholo mpaka kalekale, osati akuganiza kuti mukungomusungira mpaka amalize sukulu. Akasintha maganizo zipweteka, inde, koma bola asinthe pano. Bambo naye mufunefuneni ngakhale anakana mimba. Akasowa, kapena ngati anamutaya mwana osamusamala, khoti lili ndi mphamvu yopitiriza popanda chilolezo chake, koma wogamula zimenezo ndi jaji osati inu, ndiye sungani umboni woti munayesetsa kumufuna. Ngati mayi anamwalira pobereka mufunika satifiketi ya imfa ndi chilolezo cha bambo kapena womusunga. Mwini mbumba, kapena akuchimuna kumadera a lobola, mawu awo salowa m'malo mwa siginecha ya kholo, komabe alowetseni m'nkhaniyi, a Social Welfare adzawafunsa ndithu.

Khanda lotola, lopezeka litatayidwa, ndi nkhani ina. Limenelo kaneneni kupolisi ndi ku Social Welfare tsiku lomwelo, musapite nalo kunyumba mwakachetechete.

Chachisanu, pezani loya akalembe pempho lanu ku High Court, nthambi yoona za mabanja ya Family and Probate. Ngati thumba silikulola kafunseni ku Legal Aid Bureau. Konzani ma ID anu, satifiketi ya ukwati, ya kubadwa kwa mwana, zilolezo zija ndi umboni wa momwe mumapezera ndalama. Khoti limasankha munthu woimira mwanayo, amati guardian ad litem, kawirikawiri amakhala ofisala wa Social Welfare. Ameneyu adzabwera kwanu, adzaona pogona mwana, adzafunsa za thanzi lanu, za ana ena m'nyumbamo, mwinanso kucheza ndi aneba. Sakufuna nyumba ya matailosi ayi, akufuna aone ngati khandalo lidzapeze mkaka, sikelo ndi anthu okhazikika. Jaji amayang'ana zinthu zitatu: zilolezo zilipo ndipo eni ake amvetsa, palibe ndalama yadutsa, komanso kuti izi zikomera mwanayo, monga ikunenera ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lino. Atha kupereka chigamulo chomaliza, kapena choyembekezera chokupatsani mwana kwa nthawi yosapitirira zaka 2 akukuyang'anirani. Mukapatsidwa choyembekezera musakhale phee n'kuiwala, muyenera kubwereranso kukhoti.

Adoption order, pepala la chigamulo chomaliza chija, ikatuluka, udindo ndi ufulu wonse wa makolo omubereka umasamukira kwa inu. Onetsetsani kuti yalembedwa mu kaundula wa ana otengedwa, Adopted Children Register, kenako pitani nayo ku NRB mukakonze mapepala a mwana. Pa Deceased Estates Act ya 2011 mwana wotengedwa mwalamulo amawerengedwa ngati mwana wanu pogawa chuma chamasiye, ndiye pepalali ndi lomwe lidzamuyankhulire tsiku lomwe achibale adzayambe zoti "uyu si magazi athu" inu kulibe. Pangani makope angapo odindidwa ndi khoti, ina isungidwe kwa loya, ina kwa m'bale amene mumamukhulupirira, ndipo mukamalemba wilo dzina lake mulitchule lonse.