Masewera a chikondwerero kusukulu ya mkaka: mwana aliyense athamange, pasakhale wongodikira

Zikondwerero zikamayandikira, ana a kusukulu ya mkaka amakhala pansi nthawi yaitali kuposa masiku ena onse. Amakhazikidwa pamzere kuloweza nyimbo zodzaimbira makolo, amadikira anzawo kuti amalize kuyeserera sewero, amakongoletsa makadi, mwinanso amaonetsedwa kanema chifukwa alezi atanganidwa ndi kukonza chipinda. Nthawi yosewera ndi imene imayamba kudulidwa. Kenako timadandaula kuti ana avuta, akukankhana, akulira popanda chifukwa, chonsecho thupi lawo likungofuna kuthamanga.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osafika zaka 5. Mwana wa zaka 3 mpaka 4 azikhala akutakataka mphindi zosachepera 180 patsiku, ndipo mphindi 60 mwa zimenezo zikhale za masewera omupumitsa mwawefuwefu. Asamakhale pansi nthawi yaitali, ndipo kuonera kanema kusapitirire ola limodzi. Amene wakwanitsa zaka 5 amafunikabe mphindi 60 za masewera amphamvu tsiku ndi tsiku. Sikuti mwana athamange maola atatu osapuma ayi, mphindizi zimasonkhanitsidwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma malangizowa sanapatule Disembala kapena sabata ya Isitala, ndiye chikondwerero chilowe m'masewera, chisawalande malo.

Ubwino wake ndi wakuti chikondwerero chimatipeputsira ntchito. Mwana wamng'ono sathamanga chifukwa choti wauzidwa za thanzi. Muuzeni kuti akakhudze khoma n'kubwerera, apita kawiri basi, kachitatu akhala pansi. Koma mupatseni kabokosi, mumuuze kuti ndi mphatso yofunika kufika belu lisanalire, muona kuti atuluka thukuta akupemphabe ulendo wina. Friedrich Fröbel, amene anatsegula malo osewerera ndi kuphunzitsira ana aang'ono ku Bad Blankenburg m'dziko la Germany mu 1837, n'kuwapatsa dzina loti Kindergarten mu 1840, anamanga maphunziro ake pa nyimbo ndi masewera oyendayenda chifukwa anaona kuti mwana amaphunzira akamachita. Nkhani ya chikondwerero ili ngati chovala chabe. Mlezi aziyamba wadzifunsa za thupi lili m'katimo: lero ana aphunzira luso lanji? Pali luso losuntha thupi, monga kuthamanga, kudumpha, kukwawa ndi kunyang'ama. Pali logwiritsa ntchito zinthu, monga kuponya, kuwakha, kugubuduza ndi kumenya mpira. Palinso loima kapena kuyenda osagwa. Sankhani limodzi kapena awiri, nkhaniyo ibwere pambuyo.

Ndisanafotokoze masewera enieniwo, pali muyeso umodzi umene ndimaudalira kuposa wina uliwonse. Masewera ali m'kati, imani pambali muwerenge ana amene akuyenda nthawi imeneyo. Ngati pa ana 24 akuthamanga ndi awiri okha, ena 22 ali pamzere kudikira, masewerawo ndi olakwika ngakhale ataoneka okongola chotani pachithunzi. Mipikisano yopatsirana ya magulu awiri ndi imene imatipusitsa kwambiri, chifukwa phokoso limakhala lambiri ndipo timaganiza kuti aliyense akusewera. Mwana amadikira mphindi zinayi kuti athamange masekondi 15.

Tengani chitsanzo cha masewera okongoletsa mtengo wa Khirisimasi. Ambiri amayala mizere iwiri, mwana mmodzi atenge chokongoletsera, athamange akaike pamtengo, abwerere, wina anyamuke. Sinthani. Jambulani pansi mitengo 6 kapena 8 ndi choko, kapena ipangeni ndi chingwe, mtengo uliwonse ukhale wa ana atatu. Pakati pa bwalo mwazani zokongoletsera zambiri: mipira ya mapepala, tinsalu ta mitundumitundu, nyenyezi zodulidwa ku katoni. Ana onse anyamuke nthawi imodzi, aliyense atenge chimodzi chokha paulendo. Zikatha, zibwezeretsedwe pakati ndi kayendedwe kena: ulendo uno modumpha ndi miyendo yonse iwiri, wotsatira chammbali, wina monyang'ama kuti ogona asadzuke. Ana a zaka 3 ambiri sanayambe kudumpha bwino ndi mwendo umodzi, choncho musawakakamize. Amene akutha achite, amene sakutha adumphe ndi iwiri. Mukafuna kuonjezera nzeru, nenani kuti ulendo uno tikutenga zofiira zokha, kapena kuti mtengo uliwonse ukhale ndi nyenyezi zitatu.

Chimodzimodzinso masewera olimbirana mipando, amene sasowa paphwando la ana. Amene amayamba kutuluka ndani? Ndi mwana uja wochedwa kuthamanga, wamanyazi, kapena wamng'ono kuposa onse, amene ndiye akufunika masewerawo kwambiri. Iye amakhala pambali mphindi khumi kuonerera anzake aluso akuonjezera luso. Ine sindilola zimenezi. Yalani pansi nyenyezi zikuluzikulu zakatoni kapena jambulani mabwalo, nyimbo ikasiya aliyense aponde nyenyezi. Chotsani nyenyezi imodzi ulendo uliwonse, koma mwana asatuluke. Posakhalitsa ana anayi ali panyenyezi imodzi, agwirana mapewa, wina waika chala chaphazi chokha, wina akuitana mnzake wotsala kuti, "Bwera kuno, malo alipo!" Kuseka kumakhala kochuluka kuposa pamipando paja, ndipo palibe wolira.

Chipako chimasinthikanso mosavuta. Wogwidwa amasanduka mphatso yokulungidwa: amaima chilili, manja atapingasa pachifuwa. Mnzake amamumasula pomuzungulira kamodzi n'kumugwira dzanja, ndiye amathamanganso. Ogwira akhale awiri kapena atatu, ndipo asinthidwe pakangotha mphindi imodzi. Aphunzitseni kugwira mopepuka pamsana kapena paphewa, osati kukankha kapena kukoka malaya.

Masewera a belu ndimawakonda mwapadera. Belu likamalira, ana akuvina kapena kuthamanga. Likasiya, aime nji. Nenani chimene asanduke: nyenyezi, miyendo ndi manja zitatambasuka; kandulo, manja ali pamwamba pamutu; mtengo, ataima ndi mwendo umodzi. Akazolowera, tembenuzani lamulo: belu likalira aime, likasiya ayende. Apa muona mwana atanyamula kale phazi, kenako n'kulibweza pansi pang'onopang'ono akuyang'ana belu, milomo ataluma. Chimene chikuchitika m'mutu mwake n'chachikulu: akuphunzira kuletsa thupi kuchita chimene linazolowera. Ofufuza Shauna Tominey ndi Megan McClelland a ku Oregon State University anafalitsa mu 2011 kafukufuku wa masewera a mtundu umenewu, ndipo anapeza kuti anathandiza makamaka ana amene poyamba ankavutika kudzigwira. Luso lomweli ndi limene mwana amafunika kuti adikire nthawi yake yolankhula, kapena kuti aime m'mbali mwa msewu akauzidwa kuti aime.

Pa kuponya, mabuku ambiri amalemba za nkhondo ya mipira ya sinowo, chipale chofewa chimene chimagwa m'mayiko ozizira kwambiri. Kumene ana amaidziwa sinowo, nkhaniyo imagwira. Kumene Disembala ndi wotentha kapena wamvula, musataye mphindi zisanu kufotokoza chinthu chimene mwana sanachionepo. Atcheni mipirayo kuti nyenyezi zakugwa kapena makalata a mafuno abwino. Masewerawo ndi omwewo. Pindani masokosi oyera kapena finyani mapepala akale, mwana aliyense akhale ndi mipira iwiri kapena itatu. Yalani chingwe pakati, magulu awiri aziponyera mipira mbali ya anzawo mpaka chizindikiro chilire. Alunjike pansi kapena m'makatoni, osati kumaso. Musawerenge kuti wapambana ndani. Inu yang'anani mapazi: mwana woponya ndi dzanja lamanja aphunzire kutsogoza phazi lamanzere. Kumuuza ndi pakamwa sikuthandiza kwenikweni. Jambulani phazi pansi ndi choko kuti apondepo, kapena mangani kansalu pa nsapato yoyenera kutsogola.

Chaka Chatsopano chili ndi masewera ake achidule. Onse anyonyomale, muwerenge limodzi chobwerera kuchoka pa 10, pofika pa ziro adumphe m'mwamba ngati makombola. Chofunika kuphunzitsa ndi katsikidwe: mawondo opinda, kutera mosachita phokoso. Pa Isitala, kusaka mazira obisika kumayenda bwino mazirawo akakhala a pepala kapena pulasitiki, ambiri, ndipo mwana azibweretsa limodzi paulendo mudengu la onse, kuti wothamanga kwambiri asakokolole zonse. Pa Eid, jambulani mwezi waukulu wokhota kuti ana aziyenda pamzere wake osaphonya, kansalu kali pamutu, kenako adumphe kuchoka pa nyenyezi ina kufika pa ina.

Nkhani ya Eid ikutifikitsa pa chinthu chofunika kuchisamala. M'kalasi imodzi mumakhala ana a zipembedzo zosiyana, ndipo makolo ena sachita nawo zikondwerero zina. Funsani makolo nthawi isanakwane. Mwana asakhazikidwe pambali chifukwa cha dzina la masewera. Nyenyezi, kuwala, kuchezera abale, kupatsana ndi kutha kwa chaka ndi nkhani zimene pafupifupi aliyense angalowemo, ndipo luso lophunzitsidwa silisintha. Mwana woyenda panjinga ya olumala angathe kunyamula zokongoletsera pamiyendo, kuponya, kumasula anzake pachipako. Musamangomupatsa belu kuti aziliza tsiku lililonse, imeneyo ndi njira ina yomuchotsera m'masewera. Kwa mwana wosamva bwino, kwezani nsalu yowala nthawi imene belu likusiya. Ana ena amaopa phokoso kapena munthu wovala ngati Father Christmas, nkhope itabisika m'ndevu. Musawaseke kapena kuwakokera pafupi. Aloleni aonere patali, kapena aone munthuyo akuvala.

Zokongoletsera za chikondwerero ndi zimene zimabweretsa ngozi zambiri. Zibaluni zophulika kapena zosapopa zimatsamwitsa ana, ndipo kachidutswa kake kakamatirira pakhosi n'kovuta kukachotsa. Ngati mwazigwiritsa ntchito, tolani zidutswa nthawi yomweyo. Timabelu ting'onoting'ono, mikanda ndi mabatani zisapezeke pabwalo, makamaka pamene pali ana osafika zaka 3. Zokongoletsera zagalasi, makandulo oyaka ndi nthambo za magetsi zikhale kutali. Mwana asathamange atavala chigoba chotchinga maso, chipewa chogwera kumaso, mkanjo wautali kapena chilichonse chomangidwa m'khosi. Ngati mukufuna chovala, kansalu ka pamkono n'kokwanira. Pansi poterera, masokosi okha ndi oopsa kuposa kusavala chilichonse kuphazi. Ndipo maswiti asakhale mphotho. Mwana wothamanga switi ili m'kamwa angathe kutsamwa, komanso akazolowera kusewerera switi, tsiku lopanda switi amakana kusewera.

Kayendetsedwe kake sikovuta. Mphindi 20 mpaka 30 zimakwana, masewera atatu kapena anayi, amodzi osapitirira mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Yambani ndi kuonetsa malire a bwalo ndi chizindikiro choimira, ndipo chizindikirocho chikhale chimodzimodzi masiku onse. Malamulo asapitirire awiri, ndipo aonetseni ndi thupi lanu m'malo molankhula nthawi yaitali. Siyani masewera ana akadali kuwafuna, kuti mawa adzawapemphe okha. Musaope kubwereza, akuluakulu ndi amene amatopa ndi masewera amodzimodzi, ana amakondwa akamadziwa chimene chikubwera, ndipo luso limakhazikika pobwereza. Kuti mudziwe ngati masewera afika pa mphamvu yoyenera, mvetserani kapumidwe kawo, kapena auzeni aike dzanja pachifuwa amve mtima ukugunda. Madzi akumwa akhale pafupi, ndipo muziwakumbutsa, chifukwa mwana akatengeka ndi masewera sanena kuti ali ndi ludzu. Kukatentha seweretsani pamthunzi kapena m'mawa. Pomaliza akhale pansi, atambasule miyendo ndi manja, apume mozama ngati akuzimitsa kandulo pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi, asanabwerere m'kalasi.

Patsiku lotsekera, makolo akabwera, musawakhazike pamipando kuti aonerere ana awo akupikisana. Alowetseni m'masewera a nyenyezi ndi a belu, awaphunzire ndi matupi awo. Tchuthi ndi chachitali, ndipo m'nyumba zambiri mwana amatha masabata amenewo ali pafoni kapena pa TV. Kholo limene lasewerapo limadziwa kuti masokosi opinda, katoni ndi supuni yogogoda pachivindikiro ndi zida zokwanira. Apatseni kapepala kolembapo masewera awiri okha, a belu ndi oponya m'katoni, ndipo muwauze kuti azisewera ndi mwanayo mphindi khumi m'mawa ndi zina khumi madzulo.